Phunziro la Akhlaq: Slaven Bilić ndi bodza la kuwonjezera



Phunziro la mwezi uno tilitenga ku bwalo la mpira. Ambiri a inu mumatha kutchula osewera onse a timu imene mumaikonda osajejema, choncho tiyambire kumene mitima yanu ili kale. Funso lathu ndi ili: munthu akakulakwiradi, koma iwe pokadandaula n'kuwonjezera, wanena zoona kapena bodza?

Munthu wake ndani?

Slaven Bilić anabadwa mu 1968 mumzinda wa Split ku Croatia, dziko limene pa nthawiyo linali mbali ya Yugoslavia. Anayamba mpira ku Hajduk Split ngati wotchinga kumbuyo. Mu 1993 anapita ku Karlsruher SC ya ku Germany, mu 1996 analowa West Ham United, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku Everton. Timu ya dziko lake anaisewerera masewero 44. Sukulunso sanaitaye, ali ndi digiri ya zamalamulo.

Atasiya kusewera anakhala mphunzitsi wa mpira. Anayambira ku Hajduk, kenako anaphunzitsa timu ya dziko ya anyamata osapitirira zaka 21, ndipo kuyambira 2006 mpaka 2012 anatsogolera timu yaikulu ya Croatia. Mu Novembala 2007 anyamata ake anagonjetsa England 3-2 pa bwalo la Wembley, England n'kulephera kupita ku mpikisano wa Euro 2008. Pambuyo pake anaphunzitsa Lokomotiv Moscow, Beşiktaş ya ku Turkey, West Ham, Al-Ittihad ya ku Saudi Arabia, ndi West Bromwich Albion imene anaikweza kulowa mu Premier League mu 2020. Iyi ndi mbiri ya munthu waluso ndi wakhama. Komabe anthu ambiri akamva dzina lake amayamba kukumbukira zimene zinachitika m'masekondi ochepa chabe.

Tsiku la 8 Julaye 1998

Croatia inali ikusewera koyamba m'chikho cha dziko lonse ngati dziko loima palokha. Inali itachotsa Germany 3-0, ndipo inakumana ndi eni bwalo, France, m'ndime ya matimu anayi pa Stade de France. Davor Šuker anagoletsa chigoli choyamba, koma Lilian Thuram anabweza n'kuwonjezera china, France n'kutsogola 2-1.

Mpira ukupita kumapeto, osewera ankakokana pafupi ndi golo la Croatia podikira mpira woponyedwa. Laurent Blanc, wotchinga kumbuyo wa France, anakankha Bilić ndi dzanja cha kuchibwano. Bilić anagwa pansi atagwira kumaso cha kumtunda, ngati wamenyedwa koopsa. Woyimbira mpira anatulutsa kadi yofiira. Kanema wobwereza anaonetsa dziko lonse kuti kugwako kunaposa kukankhako.

Taonani zotsatira zake. Croatia inagonjabe 2-1, kotero kugwako sikunaipindulire kanthu. Koma Blanc, yemwe chigoli chake ndi chimene chinachotsa Paraguay m'ndime yam'mbuyo, sanaloledwe kusewera ndime yomaliza. Pa 12 Julaye anzake anagonjetsa Brazil 3-0 iye akuonerera panja. Mwayi ngati umenewo sunabwerenso pa moyo wake.

Sitikukamba izi kuti tiweruze mtima wa Bilić, pakuti za m'mitima amazidziwa ndi Allah yekha. Tikukamba chinthu chimene chinachitika poyera kuti titengepo phunziro.

Choonadi chowonjezera ndi bodza

Blanc anamukankhadi, ndipo kumeneko kunali kulakwa. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa mabodza ambiri amene timanena sakhala opeka kuchokera pachabe. Amakhala ndi kambewu ka choonadi, ife n'kuthirirapo. Mnzako wakugunda phewa pamzere wa chakudya, iwe ukafika kwa aphunzitsi umati wakumenya. Watenga cholembera chako osapempha, iwe umati ndi wakuba ndipo amachita zimenezi nthawi zonse. Mtima umadzitonthoza kuti "koma anandilakwiradi." Inde anakulakwira, koma muyezo wake unali uti? Chimene wawonjezerapo ndi umboni wabodza, ndipo Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) anauika umboni wabodza m'gulu la machimo akuluakulu.

Onaninso kuti Bilić sanafunikire kulankhula. Thupi lake ndi limene linapereka umboni. Misozi yokakamiza, kutsimphina kwadala ndi kukhala chete pamene ukudziwa kuti mnzako akunamiziridwa, zonsezi zimatha kunama mofanana ndi lilime.

Chigamulo cha woweruza sichiyeretsa chinyengo

Wina anganene kuti amene anatulutsa kadi ndi woyimbira, choncho mlandu ndi wake. Mu Sahih al-Bukhari ndi Sahih Muslim muli Hadith yochokera kwa mayi wa okhulupirira Ummu Salamah (Allah asangalale naye) imene imayankha maganizo amenewa. Tanthauzo lake mwachidule ndi lakuti woweruza amagamula malinga ndi zimene wamva, ndipo wina amadziwa kulankhula kuposa mnzake; koma amene wapatsidwa gawo la m'bale wake mwa njira imeneyi wangolandira chidutswa cha Moto. Woyimbira, mphunzitsi, kapitawo wa kalasi ngakhale kholo akhoza kupusitsidwa. Allah sapusitsidwa.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Ma'idah ndime 8, ikutilangiza kuti kudana ndi anthu kusatichititse kusiya chilungamo. Choncho ngakhale amene uli naye pa mpikisano, ngakhale amene wayamba kukuputa, ali ndi ufulu wakuti unene za iye molingana ndi muyezo. Ndipo kwa inu amene mumalandira madandaulo, monga akapitawo, Surat Al-Hujurat ndime 6 ikulamula kufufuza nkhani musanachitepo kanthu, kuopa kuvulaza anthu mosadziwa kenako n'kumanong'oneza bondo.

Zina sizibwezedwa

Maulamaa amatiphunzitsa kuti tawbah ili ndi zofunika zitatu: kusiya tchimolo, kumva chisoni, ndi kutsimikiza kusabwereranso. Koma ngati tchimolo lakhudza munthu, pali chachinayi, kubweza ufulu wake kapena kumupempha kuti akhululuke. Ndalama zimabwezedwa. Nanga ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse ungaibweze bwanji? Nanga mnzako akaimitsidwa sukulu sabata ziwiri mayeso ali pafupi chifukwa cha mawu amene unawonjezera, masiku amenewo adzawapeza kuti? Ndi chifukwa chake nzeru yeniyeni ili poyamba, lilime lisanatuluke.

Izi sizikutanthauza kuti munthu wolakwa watha ntchito. Bilić anapitiriza moyo, anatsogolera dziko lake zaka zisanu ndi chimodzi ndipo anakulitsa osewera achinyamata ngati Luka Modrić. Khomo la kusintha limakhala lotsegula. Ngati pali wina amene unamunenera zowonjezera, pita kwa amene unamuuza ukakonze mawu ako, kenako ukapepese kwa mwini wake. Manyazi a lero ndi opepuka poyerekeza ndi a tsiku la Qiyamah.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Fotokozani kusiyana kwa kudandaula mwachilungamo ndi kuwonjezera.
2. Kodi munthu anganame popanda kulankhula? Perekani zitsanzo ziwiri za pasukulu pano.
3. Timu yanu itapambana chifukwa wosewera wake anadzigwetsa dala, inu ngati Msilamu mungasangalale? Chifukwa chiyani?
4. Tchulani zofunika zinayi za tawbah pamene tchimo lakhudza munthu wina.

Ntchito ya sabata ino: usiku uliwonse musanagone, kumbukirani nkhani imodzi imene mwafotokozera munthu tsikulo, ndipo dzifunseni ngati munainena mmene inachitikira.

Allah atipatse malilime oona ndi mitima yachilungamo, kwa amene timawakonda ndi kwa amene tikulimbana nawo. Ameen.