Phunziro la Sayansi: Mapiko a Makina a Mphepo Ozungulira Chiimirire

Inu akumbuyoko chetechete, tsegulani makope. Lero tikamba za mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo, koma osati aja oyang'anizana ndi mphepo onga amene William Kamkwamba anapanga ku Wimbe ndi mapaipi a pulasitiki. Alerowa chitsulo chake chapakati chimaima chilili, mapiko n'kumachizungulira. Mphepo ichokere kumpoto kaya kumwera, iwo alibe nazo kanthu. Mtundu wotchuka ndi wa Georges Darrieus, Mfalansa amene luso lake analilembetsa ku America mu 1931.

Tsono tcherani khutu, chifukwa mutu wa nkhani uli pano. Phiko likakhala kochokera mphepo, mphepoyo imalikankhira mkati. Likafika kuseri, imalikankhira kunja. Tiyerekeze kuti makinawo akuzungulira kamodzi pa sekondi. Pa tsiku ndi kangati? Eya, 86,400. Amene munapangako galimoto ya waya mukudziwa kuti popanda pulayala waya mumaudula poupinda uku ndi uku mpaka utathyoka. Phikoli limakumana ndi zomwezo. M'zaka za m'ma 1980, makina ambiri otere anaimikidwa ku California ndi mapiko a aluminiyamu, ndipo mapikowo ankachita ming'alu, makamaka molumikizira.

N'chifukwa chake amisiri amakonda kuphatikiza zinthu ziwiri: ulusi wa galasi ndi utomoni wotchedwa epoxy kapena polyester. Ulusi ndiwo umasenza mphamvu, utomoni umangougwira kuti usamwazikane. Ulusi wa kaboni ndi wolimba ndiponso wopepuka koposa, koma mtengo wake ngoboola m'thumba.

Kapangidwe kake nkotere. Amakonza chikombole cha mbali ziwiri, n'kuchipaka phula kuti phiko lisakakamire. Kenako amayala nsalu za ulusi wa galasi, ina pamwamba pa inzake. Apa m'pamene mmisiri amadziwika. Ulusi umalimba motsatira utali wake basi, choncho wambiri amaugoneka motsata utali wa phiko, wina mopingasa pa madigiri 45 kuti phiko lisapotoke. Pakati amaikapo mtengo wopepuka wa balsa, umene wambiri umachokera ku Ecuador, kapena siponji youma. Akatero amaphimba zonse ndi pepala la pulasitiki, kumata m'mbali, n'kukoka mpweya ndi pampu. Utomoni umalowa wokha kudzera m'timapaipi mpaka nsalu yonse itanyowa. Ukauma, nthawi zambiri mothandizidwa ndi kutentha, amamata mbali ziwirizo, kudula zotsalira, kukwecha ndi kupenta kuti dzuwa lisawononge utomoni.

Kukoka mpweya kuja musakutenge ngati mwambo chabe. Kathovu kamodzi kotsalira, kapena malo amene utomoni sunafike, ndi pamene mng'alu umayambira. Kwa ine, phiko losaoneka bwino koma lopanda thovu liposa lonyezimira lobisa chilema.

Mapiko owongoka, ofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ali ndi njira yachidule yotchedwa pultrusion: ulusi amaukoka kudutsa mu utomoni, kenako m'chibowo chotentha chokhala ndi maonekedwe a phiko, n'kumangodula utali umene akufuna.

Ntchito yakunyumba: jambulani makinawa mukuwaonera pamwamba, muike mivi yosonyeza kumene mphepo ikukankhira phiko pa malo anayi. Ndichonga Lolemba m'mawa.