Kodi Kukhala Chete ndi Bodza? Udindo wa Wogulitsa Fulati Poulula Zilema Zake

Mawu Oyamba

Munthu akamagula fulati, yomwe ndi nyumba yake ya m'chinyumba chosanjikizana, amaona penti, mazenera ndi zitseko. Saona mapaipi odutsa mkati mwa khoma kapena madzi amene amadontha kuchokera kwa mnansi wa pamwamba mvula ikagwa. Wodziwa zonsezi ndi amene wakhala akugonamo. Mu nkhani ino tiona ngati wogulitsa amene akudziwa chilema n'kungokhala duu amakhala atanama. Tiyamba ndi mlandu wa ku Rome wakale, kenaka malamulo a ku South Africa, ndipo pomaliza tiona zomwe maphunziro a chilankhulo akunenapo.

Mlandu wa ku Rome

M'buku lake lotchedwa De Officiis, limene analemba m'chaka cha 44 BC, Cicero akusimba za Claudius Centumalus, mwini chinyumba chosanjikizana pa phiri la Caelian. Ansembe amene ankaombeza poyang'ana kauluke ka mbalame anamulamula kuti agwetse chigawo cha pamwamba chifukwa chinkawatchinga. Iye ataona kuti zinthu zavuta, anangogulitsa chinyumbacho kwa Calpurnius Lanarius osamuuza kanthu. Lamulo lija linagwera wogulayo, ndipo anagwetsadi. Atatulukira kuti mnzakeyo anagulitsa akudziwa kale, anakasuma. Woweruza, Marcus Cato, anagamula kuti popeza wogulitsa ankadziwa koma sananene, ayenera kulipira zonse zomwe wogula anataya.

Chofunika kuchiona apa n'chakuti Claudius sanatchule liwu labodza ngakhale limodzi. Chomwe chinamugwetsa pa mlandu ndi zomwe sanalankhule.

Liwu Lakuti Voetstoots

Malamulo a Aroma anafika ku South Africa kudzera mwa Adatchi, ndipo mpaka lero ndiwo maziko a malamulo a malonda m'dzikolo. M'mapepala ambiri ogulitsirana nyumba kumeneko mumapezeka liwu lakuti voetstoots. Gwero lake ndi mawu awiri otanthauza phazi ndi kukankha, ngati munthu akukankhira katundu kwa mnzake n'kumati, tenga m'mene alili. Wogula akasayina pansi pa liwuli amavomera kuti chilema chikadzaoneka mawa, asadzabwerere kwa wogulitsa.

Komabe liwuli si pobisalira anthu achinyengo. Malamulo amasiyanitsa zilema za mitundu iwiri. Choyamba, pali zoonekeratu, monga galasi losweka, zomwe wogula ayenera kudzionera yekha. Chachiwiri, pali zobisika, monga chinyezi chomwe achiphimba ndi penti watsopano. Pa mlandu wa Van der Merwe ndi Meades m'chaka cha 1990, khoti la apilo linati voetstoots sateteza wogulitsa ngati wogula aonetsa zinthu ziwiri: kuti wogulitsayo ankachidziwadi chilemacho, komanso kuti anachibisa dala pofuna kunyenga.

Vuto lili pa umboni. Kodi munthu angaonetse bwanji zomwe zinali m'mutu mwa mnzake? Pa fulati, mwayi umakhalapo pang'ono chifukwa denga, makoma akunja ndi mapaipi aakulu ndi za eni mafulati onse, ndipo pali bungwe lawo lomwe limaziyang'anira. Makalata a madandaulo amene wogulitsa analembera bungwelo, kapena zolembedwa za pa misonkhano yake, zingathe kumuyalutsa.

Pofuna kuchepetsa mikangano yotere, lamulo la Property Practitioners Act la 2019, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 February 2022, likuti mkhalapakati wa malonda a nyumba asavomere ntchito wogulitsa asanadzaze ndi kusayina fomu youlula zilema zomwe akuzidziwa. Fomuyo imaperekedwa kwa wogula ndi kuphatikizidwa ku mgwirizano wa malonda. Abale athu amene akhazikika ku Johannesburg kapena Durban ndipo akufuna kugula fulati ayenera kuifunsa fomu imeneyi asanatulutse ndalama.

Zomwe Chilankhulo Chikutiphunzitsa

Katswiri wina, Paul Grice, anafotokoza m'nkhani yake yosindikizidwa m'chaka cha 1975 kuti anthu akamacheza amakhulupirirana kuti aliyense anena zoona, ndiponso anena zokwanira. Chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi, womvera amatolanso tanthauzo pa zomwe sizinanenedwe. Tiyerekeze kuti wogula wafunsa kuti, “Kodi bafa ili bwino?” Wogulitsa n'kuyankha kuti, “Matailosi tangoika chaka chatha.” Yankholi likhoza kukhala loona ndithu, koma ngati matailosiwo anaikidwa pofuna kuphimba paipi yodontha, wogula wamva kuti zonse zili bwino, ndipo woyankhayo amafuna kuti amve choncho. Apa bodza lamangidwa ndi mawu oona okhaokha.

Ena angatsutse kuti malonda ndi malonda, ndipo wogula ali ndi maso ake. Mfundo imeneyi ndiyo inkalamulira kwa nthawi yaitali m'malamulo a Chingerezi, pansi pa mawu a Chilatini akuti caveat emptor, kutanthauza kuti wogula achenjere. Koma mfundoyi imagwira bwino pa mbuzi ya pamsika imene ungaigwire ndi kuiyang'ana mano. Khoma la fulati sungaliboole usanaligule.

Mawu Omaliza

Taona kuti kuchokera nthawi ya Cato mpaka pa fomu ya 2022, funso la oweruza lakhala limodzimodzi: kodi wogulitsa ankadziwa chiyani, nanga anachita nacho chiyani chimene ankadziwacho? Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Wogulitsa amene waulula kuti denga limadontha akhoza kutsitsa mtengo pang'ono, koma amagona tulo. Wobisa amalandira ndalama zambiri lero, ndipo mvula yoyamba ikagwa, madzi omwe aja amasanduka mboni yomutsutsa m'khoti.