Bokosi la eko linasokoneza kwaya ku Malama

Ku Malama, m'chigwa cha Luangwa, mwezi wa October kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira, fumbi limalowa ngakhale m'chikwama chotseka, ndipo ofuna kuimba ndi zida amadalira jenereta kapena batire la sola. M'nyengo imeneyi mnyamata wina woimba kiyibodi kutchalitchi anapatsidwa katundu ndi amalume ake, omwe ali anyamata ankayenda ndi mabandi a ku Copperbelt. Katunduyo anali ogani yakale yamagetsi ndi bokosi lakuda lobiriwira kumaso, lolembedwa Roland Space Echo RE-201.

Bokosi limeneli kampani ya Roland ya ku Japan inayamba kulipanga mu 1974. Mukatsegula chivundikiro mumaona tepi yolumikizidwa kumapeto, yopindikapindika, ikungoyenda mozungulira. Mutu umodzi umajambula mawu pa tepiyo, mitu itatu n'kumawabwereza, uliwonse mochedwerapo kuposa unzake, ndipo kubwerezaku ndiko eko. M'kati mulinso masipuling'i amene amanjenjemera mawu akadutsamo, n'kumveka ngati mukuimbira m'holo yaikulu. Imeneyi ndiyo reverb, ndipo nzeru yake inafalikira kuchokera ku maogani a Hammond. Wojambula nyimbo Lee Perry anapanga nalo zodabwitsa bokosili mu situdiyo yake ya Black Ark ku Kingston. Masiku ano zida zakalezi zabwereranso m'fasho. Gulu la WITCH, lokhala ndi Jagari Chanda komanso Patrick Mwondela pa kiyibodi, linatulutsa chimbale cha Zango mu 2023, chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, komwenso kunajambulidwa chimbale chake cha Lazy Bones cha mu 1975. Ndiye mnyamata wathu akanalekeranji kunyada?

"Iwe, kabatani aka ka Intensity usamakapitirize pakati," anatero amalumewo. "Ndipo uzikonzera mawu pamalo pomwe ukaimbirepo."

"Ndamva, amalume."

Anangomva ndi khutu limodzi. Poti m'tchalitchi masana munali ngati mu uvuni, iye ankayeserera pansi pa mtengo wa msikizi. Kumeneko eko inkakoma zedi. Panja palibe khoma lobweza mawu, choncho ogani youma ija inkamveka yonona, noti iliyonse ikutsatana ndi tiana take titatu. Anthu opita kudimba ankaima kumvetsera. Iye anazolowera kupotoza mabatani mpaka kutali.

Tsiku la msonkhano wa makwaya linafika. Tchalitchicho n'cha njerwa zootcha, pansi simenti, pamwamba malata opanda siling'i. Nyumba yotere ili kale ndi reverb yakeyake, yaulere, ndipo kawirikawiri imakhala yochuluka kuposa yofunika. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kugunda khoma, kubwerera, kugunda malata, kubwereranso. Pamwamba pa zonsezi mnyamatayo anathirapo eko ya pansi pa msikizi ija. Analowetsanso maiki ya mayi wotsogolera nyimbo m'bokosi lomwelo, poganiza kuti akuwakometsera mawu.

Vesi yoyamba isanathe zinthu zinali zitasokonekera. Dzanja lamanzere, limene limagwira mawu a besi, ndilo linayamba kuwononga, chifukwa mawu okhuthala akabwerezedwa amaunjikana n'kukhala chiphokoso chimodzi. Liwiro la eko silinkagwirizananso ndi ng'oma. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imafuna kubwereza kogwera pa theka la sekondi kapena kota yake, koma apa kubwerezako kunkagwera pakati penipeni, moti a tenala anatsata eko, a soprano n'kutsata ng'oma. Mayi uja ankatchula mawu atsopano akale asanazime. Agogo okhala kutsogolo anafunsa mnzawo kuti nyimboyi ndi ya chilankhulo chanji.

Mnyamatayo thukuta lili kamukamu anafuna kuchepetsa, koma anapotozera kolakwika kabatani komwe anachenjezedwa kaja. Intensity ikakwera kwambiri, bokosi limatenga mawu ake omwe n'kuwajambulanso, kenako kuwajambulanso, mpaka limayamba kulira lokha popanda woimba. Kulirako kunakula, kukhala mluzu woboola m'makutu. Wina pothamangira kukathandiza anagunda tebulo, masipuling'i aja n'kuphulika ngati bingu. Ana anathawira kukhomo. Mkulu wa mpingo anatuluka phee, n'kukazimitsa jenereta, ndipo kwaya ya eni malo inakhala pansi nyimbo isanathe.

Ine sindinena kuti eko ndi yoipa. Pa ogani kapena piyano yamagetsi, ikakhala yochepa ndiponso yogwera dzanja lamanja lokha, imapatsa nyimbo moyo. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti m'matchalitchi ndi pamisonkhano yambiri kuno kum'mawa, wogwira zokuzira mawu amaona ngati eko yambiri ndiye ukatswiri, mpaka mlaliki amamveka ngati anthu anayi akukangana. Anthu anayenda mtunda wautali kudzamva mawu, ndipo mawuwo ndi amene amayamba kufa.

Manyazi anatha patapita masabata, koma bokosi silinachire. Mnyamatayo analisiya pawindo chivundikiro chili pambali. Fumbi linamata pamitu ija, tepi inaperepeseka, ndipo kagudumu ka labala kokoka tepi kanauma ndi kutentha n'kuyamba kutsetsereka, moti noti iliyonse inkagwedera ngati woimba waledzera. Anayesa kumatira tepi ya m'kaseti yakale, osadziwa kuti ya m'kaseti ndi ya mamilimita 3.81 m'lifupi pamene bokosili limafuna ya 6.35, yoterera mwapadera. Zonsezi zikanapeweka ndi kansalu kofundika komanso thonje loviika mu isopropyl alcohol lopukutira mitu. Mvula itagwa msewu wopita ku Mfuwe unavuta monga mwa chaka ndi chaka, ndipo amisiri odziwa makina a tepi sapezeka pafupi. Amalume aja sanakalipe. Anangotenga bokosi lawo n'kulilowetsa kunsi kwa bedi.

Inu amene mukusirira zida zoterezi pa intaneti, pali china choopsa kuposa fumbi. Magetsi a ku Zambia ndi a mavolti 230, pamene zida zambiri zogulitsidwa m'dziko la Japan zinapangidwira mavolti 100, za ku America 120. Mukangolumikiza popanda thiransifoma, chomwe mumve ndi fungo la waya wopsa. Hammond yakale ya mawilo ili ndi vuto linanso: injini yake imatsata kayendedwe ka magetsi, choncho yopangidwira 60 Hz mukaiika pa 50 Hz ya kuno imatsika ndi masemitoni pafupifupi atatu, ndipo jenereta ikamasinthasintha liwiro nayonso imasinthasintha kiyi. Musanalumikize chilichonse, tembenuzani chidacho muwerenge kachitsulo kolembedwa kumbuyo.