Mankhwala a Khunyu ndi Chikasu cha m'Maso

Bilirubin ndi chinthu chachikasu chimene chimapangika maselo ofiira a magazi akatha ntchito, pakapita masiku pafupifupi 120. Chiwindi chimamuchotsa m'magazi n'kumutsanulira mu ndulu, kenako amatuluka ndi chimbudzi. Chiwindi chikafooka, bilirubin amachuluka: maso amachita chikasu ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka.

Mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, carbamazepine, phenytoin ndi sodium valproate onse amadutsa m'chiwindi. Anthu ambiri amawamwa zaka ndi zaka popanda vuto, koma mwa ochepa chiwindi chimavulala. Wofunika kusamala naye kwambiri ndi valproate. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 1987 anapeza kuti mwa ana osakwana zaka ziwiri amene ankamwa valproate pamodzi ndi mankhwala ena a khunyu, pafupifupi mmodzi mwa 500 anamwalira chiwindi chitawonongeka. Kwa akuluakulu chiopsezo n'chochepa kwambiri. Vutoli limakonda kubuka m'miyezi 6 yoyambirira.

Chikasu chimachedwa kuoneka. Chisanafike, wodwala amasanza, amakana chakudya, amafooka, amangogona, mwinanso kugwa kumene kunali kutaleka kumayambiranso. Kwa omwa carbamazepine kapena phenytoin, zidzolo ndi kutentha thupi m'masabata oyamba n'zosayenera kuzinyalanyaza. Maso amayang'anidwa panja, masana. Kuwala kwa tochi kumanamiza.

Ku Yofu, komwe ndi pachilumba, malungo nawonso amabweretsa chikasu, choncho kuyeza magazi kokha ndiko kumasiyanitsa. Wodwala khunyu amene waonetsa zizindikiro zimenezi ayenera kufika ku chipatala cha St Peter's tsiku lomwelo, atanyamula buku lake la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala, osabisa zitsamba zimene wamwa. Pachilumba kuzengereza n'koopsa, chifukwa wotumizidwa ku Mzuzu Central Hospital amafunikabe kuoloka nyanja. Kachasu ndi Panado wopitirira muyeso zimawonjezera katundu pachiwindi chodwala kale.

Banja lisasiyitse lokha mankhwala chifukwa cha mantha. Kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa kugwa kosalekeza, kumene kumapha, ndipo msodzi ali m'bwato kapena mayi akuchapa kunyanja angamire ngakhale pamadzi osaya. Wosiyitsa kapena kusintha mankhwala ndi dokotala, amene amapereka ena m'malo mwake.