PHUNZIRO 6: CHIPERE CHOTUPA CHA M'MUTU MWA ANA

Tonse kuno kwa Chikweo timachidziwa chipere. Koma pali mtundu wina wosaoneka kawirikawiri umene madokotala amautcha kerion. Pamutu pa mwana pamatupa, pamafewa, pamayabwa ndi kuwawa. Pamatuluka mafinya, tsitsi limathothoka, ndipo nthawi zina m'khosi mumachita mwanabere. Ambirife timayesa chithupsa, ena timathamangira kuganiza za ufiti. Tikachedwa, mwana angatsale ndi chipsera chosameranso tsitsi moyo wake wonse.

Chimayamba bwanji?

Chipere chimadza ndi tizirombo ta mtundu wa chuku, chija chimamera pa nsima yogona. Timafala pobwerekana chipeso, chipewa, mpango, lumo kapena makina ometera, ndiponso posewera ndi amphaka, agalu ndi ana a ng'ombe odwala. Chotupacho chimabwera pamene thupi la mwana likulimbana kwambiri ndi tiziromboti.

Tichite chiyani?

1. Tipite naye mwana msanga kuchipatala cha Chikweo. Ngati sakusintha, tipemphe kalata yopitira kuchipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde.

2. Tisaboole kapena kutema chotupacho. Tisapakepo mafuta a mabuleki, madzi a batire kapena mafuta oyeretsa khungu.

3. Tidziwe kuti mankhwala opaka okha sachiza chipere cha m'mutu, chifukwa tizirombo timabisala m'kati mwa tsitsi. Pamafunika mankhwala akumwa monga griseofulvin, tsiku ndi tsiku kwa masabata 6 mpaka 8, kapena kupitirira ngati adokotala atero. Mwana amwe atadya chakudya cha mafuta, monga phala lotendera. Mayi woyembekezera asamwe mankhwalawa.

4. Tisaleke mankhwala chifukwa chakuti chotupa chaphwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Tichape zipewa ndi zofunda, tiviike zipeso m'madzi otentha, ndipo tiwayang'ane m'mutu ana ena onse pakhomopo.

Mwana akayamba kumwa mankhwala angathe kupita kusukulu. Tisamuseke kapena kumusala. Kufunsa dokotala dzina la matenda, dzina la mankhwala ndi masiku omwera ndi ufulu wathu, si chipongwe ayi.

Mafunso okambirana pa mphakati

(a) Kodi ana athu amametedwa kuti? Kodi lumo kapena makinawo amatsukidwa asanamete wina?

(b) Kodi n'chiyani chimatichedwetsa kupita ndi mwana kuchipatala?

(c) Tingalithandize bwanji banja limene likusowa ndalama yoyendera kupita ku Liwonde?