Kuphunzitsa Maonekedwe a Zinthu mwa Kuchekenira Nyama za ku Chilwa

M'sukulu zambiri za kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira ku Domasi mpaka ku doko la Kachulu, phunziro la kuchekenira limatengedwa ngati nthaŵi yopumula. Mphunzitsi ajambula nsomba pa bolodi, ana akopera, apaka, belu lilira. Ife tikuona kuti pamenepa pakutayika mwayi, pakuti nsomba yomweyo ikhoza kuphunzitsa mwana wa Sitandade 1 seko, thirayango, sikweya ndi rekitango, zimene adzakumana nazo m'masamu zaka zonse za sukulu.

Tiyambe ndi vuto limene aphunzitsi ambiri salizindikira. M'chaka cha 1957, aphunzitsi aŵiri a ku Netherlands, Pierre van Hiele ndi mkazi wake Dina van Hiele-Geldof, anafotokoza kuti mwana poyamba amazindikira chinthu monga mmene chikuonekera chathunthu, osaŵerenga mbali kapena ngodya zake. Nchifukwa chake mwana amene anaona thirayango yoloza kumwamba yokha amakana thirayango yogona cham'mbali, nati, "Iyi si imeneyo ayi." Sikweya yopendekeka nayo amaikana. Tikamajambula thirayango mofanana tsiku ndi tsiku, tikulimbitsa cholakwa chimenechi ndi manja athu omwe.

Apa mpamene nyama za m'nyanja zitithandiza. Mwana wa ku Kachulu kapena wa m'mbali mwa mtsinje wa Likangala amadziŵa matemba, makumba ndi mlamba asanadziŵe chilembo ngakhale chimodzi. Mchira wa makumba ndi thirayango yoloza cham'mbali. Chipsepse cha pamsana chiloza kumwamba, cha kumimba chiloza pansi. M'chithunzi chimodzi muli mathirayango atatu, ndipo palibe aŵiri oima mofanana. Diso likhale seko yaing'ono. Kakowa tingam'patse mutu wa seko, mlomo wa thirayango yaitali yowonda, ndi miyendo ya marekitango. Mbuzi ya kumudzi ikhale ndi thupi la rekitango ndi mutu wa sikweya, kuti ana ayerekeze ziŵirizo zili pamodzi.

Koma tichenjere. Nyama yeniyeni ilibe mizere yowongoka, ndipo ana a asodzi adzatiuza msanga kuti nsomba yathu siifanana ndi ya m'bwato la atate awo. Tivomere kuti akunena zoona, ndi kuŵauza kuti yathuyi tayimanga dala ndi zidutswa. Chimene sitiyenera kuchita ndicho kujambula mchira wa mbali zokhota ndi kuutcha thirayango.

Lamulo la kachekeniridwe ndilo mtima wa phunziro lonse: mtundu uzitsata maonekedwe, osati chiŵalo cha nyama. Tisanene kuti, "Chekenirani mchira." Tinene kuti, "Chekenirani mathirayango onse ndi chofiira, maseko onse ndi chakuda." Potero mwana sangapake asanafufuze, asanayendetse chala m'mbali ndi kuŵerenga kuti imodzi, ziŵiri, zitatu. Wina akapaka diso ndi chofiira, tisam'dzudzule. Tim'funse atisonyeze ngodya za disolo. Adzazifuna, osazipeza, ndipo phunziro lagona pomwepo. Kutulukira kunja kwa mzere si mlandu pa msinkhu umenewu, ngakhale aphunzitsi ena amathera nthaŵi yambiri pa zimenezo.

Nanga zipangizo? Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi a ana aang'ono akhala odzaza, ndipo chekeni sangakwanire aliyense. Njira ya TALULAR, imene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuilimbikitsa, itikumbutsa kugwiritsa ntchito zopezeka pafupi. Makala apereka chakuda, katondo wonyowetsa chofiira, masamba ofikisa chobiriŵira, phulusa chotuŵa. Mphunzitsi adule zidutswa za katoni zamitundu inayi ija, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo gulu la ana asanu ndi mmodzi lizilemberera m'mbali mwake pa pepala la thumba la simenti. Pepala likasoŵa, bwalo losesedwa bwino ndi kamtengo zikwanira.

Nyanjayi imauma, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018. M'chaka chotere nsomba isoŵa m'mudzi, ndipo nkhani yake iwawa kwa ana amene makolo awo asoŵa ntchito. Pamenepo tiyambe ndi mbuzi ndi nkhuku.

Pofuna kuyesa ngati ana amva, tsiku lotsatira tichotse nyama ija. Timwaze zidutswa zokha pansi, zina zozondoka, zina zopendekeka, tisakanizemo ndi chimodzi chokhala ngati thirayango koma chosatsekeka pa ngodya imodzi. Mwana aliyense atole chimene tatchula, anene chifukwa chake. Amene atola chosatsekekacho abwerere ku gulu la katoni, alembererenso akuŵerenga mbali mokweza.