Timakina ta magemu ta m'manja: bwanji sitilankhulana?

Achibale athu akamachokera ku Joni, m'zikwama zawo nthawi zina mumatuluka timakina ta magemu togwira m'manja: PSP yakale, Nintendo 3DS, kapena Nintendo Switch. Mnyamata wa ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi akalandira, amayesa kuti wapeza foni yachiwiri yoti azisewera ndi mnzake wa ku Limbe uku akucheza naye. Sizikhala choncho, ndipo ndi bwino timvetse chifukwa chake tisanatume munthu kukatigulira.

Tiyambe ndi Switch, yomwe idatuluka mu Marichi 2017. Kamakinaka kalibe polowetsa SIM khadi, kamangodziwa Wi-Fi. Kwathu kuno ku Chiradzulu, komwe nyumba zambiri zilibe Wi-Fi, ndiye kuti tiyatse hotspot pa foni ndi kudyetsa bandulo ya TNM kapena ya Airtel. Kalibenso maikolofoni. Pa magemu a Nintendo eniake monga Splatoon 2, kampaniyi idati wofuna kulankhula ndi mnzake aike pulogalamu ina pa foni, azilankhulira pamenepo. Choncho foni imodzi yomweyo ipereke intaneti, inyamulenso mawu, batire likutha, ndipo magetsi akathima basi zathera pomwepo. Kuyambira mu Seputembala 2018 kusewera magemu ambiri pa intaneti kudakhala kolipira, pafupifupi madola 20 pachaka ku America. Fortnite ndi ina mwa magemu ochepa olola kulankhula mwachindunji, bola tilumikize mahedifoni okhala ndi maikolofoni. Mahedifoni a Bluetooth adaloledwa mu 2021, koma ongomvera, osati olankhulira.

Pali vuto lina lobisika. Magemu ambiri a Nintendo amalumikiza makina a osewera mwachindunji, wina kwa mnzake. Netiweki za mafoni kawirikawiri zimagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi ya intaneti, motero makina a mnzathu amavutika kutipeza. Tikayesa kulumikiza, Switch imalemba mtundu wa NAT ndi chilembo: A kapena B ndi zabwino, koma tikaona D tidziwe kuti gemu izidukaduka kapena kukana kumene, ngakhale bandulo itadzaza.

Kodi Nintendo idalephera luso? Ayi. PlayStation Vita ya Sony, yomwe idafalikira m'maiko ambiri mu 2012, inali kale ndi maikolofoni komanso njira yoti anthu 8 azilankhulana ngakhale akusewera magemu osiyana. Nintendo idazolowera kutchinga chifukwa makina ake amagwiridwa kwambiri ndi ana. Mu 2013 idatseka njira yotumizirana timakalata ndi zithunzi pa intaneti kudzera mu Swapnote ya pa 3DS, itazindikira kuti anthu ena, kuphatikizapo ana, ankatumizirana zithunzi zolaula. Nchifukwa chakenso kupeza mnzathu pa Switch kumalira nambala yake ya manambala 12. Ife amene tili ndi azing'ono athu kunyumba sitingaunyoze mpanda umenewu, ngakhale umatitopetsa. Mlendo wolankhula m'khutu mwa mwana makolo ali kumunda si nkhani yamasewera.

Switch 2, yomwe idatuluka pa 5 Juni 2025, idabwera ndi maikolofoni ndi njira yotchedwa GameChat, yolola anthu 12 kulankhulana. Komabe mpanda sudagwe: munthu ayenera kutsimikizira nambala yake ya foni, ndipo mwana wosakwana zaka 16 amadikira chilolezo cha kholo. Mtengo wake, womwe unali pafupifupi madola 450 ku America pomwe idatuluka, ambirife tingomva.

Tichenjere kwambiri ndi makina akale, omwe ndiwo amatifika. Zonse za pa intaneti zimadalira makompyuta a kampani, ndipo kampani ikawathimitsa palibe kodandaula. Nintendo idatseka masewero a pa intaneti a DS pa 20 Meyi 2014, ndipo a 3DS adatsekedwa mu Epulo 2024. Wogulitsa akamatiuza kuti 3DS yake tidzasewera nayo pa intaneti, akutinamiza kapena sakudziwa.

Chomwe sichitsekedwa ndi kulumikizana kwa makina oyandikana. PSP, 3DS ndi Switch zimapezana zokha m'chipinda chimodzi popanda bandulo, ndipo olankhulana amangolankhulana pakamwa. Mu Mario Kart 8 Deluxe anthu 8 angapikisane motero, koma makina aliwonse ayenera kukhala ndi gemu yakeyake.